Wosintha ntchito si wosakhulupirika

M'mabanja ambiri muno m'Malawi, mwana akangonena kuti akufuna kusiya ntchito kuti akayambe ina, nkhaniyo siithera pa iye yekha. Amayi amaimbira foni amalume, amalume amamuitanitsa Loweruka, ndipo mawu ake amakhala omwe aja: "Mphwanga, ntchito ikusowa chonchi iwe ukufuna kutaya yomwe ili m'manja? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ife tidagwira zaka 30 malo amodzi, nanga tidafa?"

Malangizo amenewa amachokera m'chikondi, ndipo sindikuwanyoza. Chomwe ndikukana n'chakuti akadali oona lero monga momwe adalili kale. Kukhalitsa pamalo amodzi pakokha si khalidwe labwino, ndipo kusintha ntchito si umboni wa mtima wosakhazikika. Zaka zomwe munthu wapereka kwa bwana mmodzi zimakhala ndi phindu ngati zikusanduka chinthu chomwe adzanyamule tsiku lochoka: luso, udindo, malipiro oyenda limodzi ndi mitengo ya zinthu, penshoni yomwe ikulowadi. Zikakhala kuti zakazo zikungowerengedwa basi, wopindula ndi bwana, ndipo wantchito ali ndi ufulu wonse, mwinanso udindo kwa ana ake, woyang'ana kwina.

Akuluakulu athu tiwamvetse. Iwo adagwira ntchito m'nyengo yomwe kudekha kunkalipira. Amene adalembedwa ku Malawi Railways, ku ADMARC, ku David Whitehead, ku mabasi a UTM, m'makampani a Press kapena m'boma m'zaka za m'ma 1970 ankadziwa kuti wapeza pokhala. Ambiri ankapatsidwa nyumba ya kampani, ena ankalandira mankhwala ku chipatala cha kampani, ndipo kalaliki wofatsa ankakwera pang'onopang'ono mpaka kuyang'anira anzake. Penshoni, komwe inaliko, inali yomangiriridwa pa bwana, ndipo m'malo ambiri wochoka msanga ankasiya gawo la ndalama zomwe kampani inkamuikira. Wochoka ankataya, wotsala ankasunga. Akamati sunga khosi mkanda woyera udzavala, munthu ankaona ndi maso ake zikuchitika pa anansi ake. Pangano lidali la mbali ziwiri: iwe undipatse unyamata wako, ine ndikusamala mpaka ukalamba.

Mbali imodzi ya panganolo idaduka, ndipo adaidula si antchito. Njanji idaperekedwa m'manja mwa Central East African Railways mu 1999. David Whitehead idagulitsidwa mu 2003. Mabasi omwe adali UTM adasanduka Stagecoach, kenako Shire Bus Lines, kenako adatheratu. Air Malawi idathetsedwa, m'malo mwake mudabwera Malawian Airlines. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga udaimitsa ntchito mu 2014, Malawi Savings Bank idagulitsidwa kwa FDH mu 2015. Masitolo a PTC, omwe mwana aliyense wa m'tauni adakula akuwadziwa, adatsekedwa mu 2022, chaka chomwe boma lidatsekanso ADMARC n'kudzachotsa antchito ake masauzande kuti liyambe kulemba mwatsopano. M'malo ambiri mwa amenewa mudali anthu omwe adatha zaka 20 kapena kuposa osalembako kalata yofunsira ntchito kwina. Chitseko chitatsekedwa adatuluka ali ndi zaka 50, akudziwa mafomu a kampani imodzi, makina a mtundu umodzi, anthu a m'mpanda umodzi. Kukhulupirika kwawo kudali kwenikweni. Koma posankha zogulitsa kapena kutseka, palibe adakuika pa sikelo, ndipo amene adavutika kwambiri kuyambiranso ndi omwe aja adamvera kwambiri.

Tisadzinamizenso kuti kuyendayenda pantchito n'chikhalidwe chachilendo chomwe ana atengera pa intaneti. Agogo athu adali oyenda kuposa ife. Ankajoyina Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ena ku Salisbury, ku Wankie, ku Copperbelt, kontrakiti ikatha n'kubwerera ndi njinga ndi mabulangete, pakapita nthawi n'kunyamukanso kukagwira kwa bwana wina. Ulendo wa Theba, bungwe lomwe lidalowa m'malo mwa Wenela, udatha mu 1988, ndipo mpaka lero ena mwa madala omwe adakumba golide wa eni ake akudikirabe ndalama zawo. Ntchito ya moyo wonse pa kampani imodzi idali mwayi wa anthu ochepa, a m'badwo umodzi kapena iwiri. Mmalawi wamba wakhala akutsata komwe kuli chakudya cha ana kuyambira kalekale.

Chomwe chidasinthiratu nkhaniyi, chomwe opereka malangizo ambiri sachiwerengera, ndi lamulo la penshoni la 2011. Kuchokera pamenepo bwana amayenera kuika ndalama yosachepera 10 peresenti ya malipiro a wantchito, wantchitoyo n'kuikapo 5 peresenti, ndipo ndalamayo imakhala m'dzina la wantchito ku kampani yosunga penshoni monga Old Mutual kapena NICO, osati m'thumba la bwana. Ukachoka imakutsata. Lamulo latsopano la 2023 silidachotse mfundo imeneyi. Ndiye kuti chingwe chachikulu chomwe chinkamanga makolo athu pamalo amodzi chidamasulidwa ndi Nyumba ya Malamulo yomwe. Munthu yemwe wagwira m'makampani anayi pa zaka 15 atha kukhala ndi penshoni yoposa ya mnzake yemwe sadasunthe, chifukwa 15 peresenti ya malipiro okwera ndi yochuluka kuposa 15 peresenti ya malipiro oima.

Pali misampha iwiri apa. Woyamba timadzitchera tokha. Lamulo limalola munthu yemwe wakhala miyezi ingapo osagwira ntchito kutapako ku penshoni yake, ndipo la 2023 lidafupikitsa nthawi yodikirayo kuchoka pa miyezi 6 kufika pa itatu. Kwa munthu yemwe lendi yamupana, chimenechi n'chifundo. Koma wotapa nthawi iliyonse akasiya ntchito, n'kugula sofa ndi foni, adzafika zaka 60 ali ndi mbiri yaitali ya ntchito ndi thumba lopanda kanthu, ndipo pamenepo omwe ankamuletsa aja adzakhala kuti ankanena zoona. Msampha wachiwiri ndi wa mabwana omwe amadula penshoni pa malipiro koma osaitumiza. Reserve Bank, yomwe imayang'anira za penshoni, yakhala ikudandaula chaka ndi chaka za mabiliyoni a kwacha omwe sadafike komwe amayenera kupita. Wovulala kwambiri pamenepa ndi uja wokhalitsa osafunsa kanthu. Wosintha ntchito amatulukira chinyengocho msanga, pomwe akulondola ndalama zake kuti zisamuke. Wodekha amadzachitulukira tsiku lopuma, mphamvu zoyendera makhoti zitamuthera.

Tsopano tiwerenge ndalama, poti pakati pa nkhaniyi pali ndalama. Mu Meyi 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Munthu wolandira K300,000 adagona ndalama yake ikukwana madola oposa 250, n'kudzuka ikukwana 176. Ngakhale bwana wake akadamuonjezera 10 peresenti mu Januwale, zomwe ambiri amaziona ngati kukoma mtima, sikadafika ngakhale pa madola 200. Pomwe sopo, mafuta ophikira, feteleza ndi mtengo wa minibasi zonse zimatsata dola. M'miyezi yambiri ya 2024 mitengo ya zinthu inkaposa ya chaka chapitacho ndi 30 peresenti ndi kuposerapo. Nalo boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 chaka chomwecho, povomereza kuti ndalama yakale ija siinkagulanso kanthu. M'dziko lotere, wongodikira inkirimenti ya pachaka akutsika chaka chilichonse ngakhale nambala ya papeyisilipi ikukwera. Kwa anthu ambiri, tsiku lokhalo lomwe malipiro amakambidwa mwatsopano, pa mtengo wa lero, ndi tsiku la intavyu.

Ndidagwirapo ntchito ndi mayi wina wa ku akaunti yemwe adakhala pa desiki imodzi zaka zoposa 10. Ndiye ankadziwa kasitomala wolipira mochedwa koma wolipira ndithu, ndi uja cheke chake chimabwerera. Kampani italemba mnyamata wochokera kwina, mayiyu ndiye adamuphunzitsa zonse, kuyambira polowera mu kompyuta mpaka mafomu a msonkho. Kutha kwa mwezi, poti wokonza malipiro adali iye yemwe, adaona dzina la mnyamatayo lili ndi ndalama yoposa yake. Sadayankhule. Adavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya mpango, n'kuyang'ananso. Masana adagogoda kwa abwana, ndipo yankho lidali lakuti, "Mayi, mnyamatayu sakadabwera pa ndalama yocheperapo. Inu ndinu wathu, mutimvetse. Bajeti ikalola tidzaona." Kukhala wa pakhomo kudasanduka chifukwa chomulipira pang'ono. Achinyamata onse a mu ofesimo adaziona, ndipo phunziro adalitola: pano ndalama imapita kwa wobwera. Mabwana omwe amadandaula kuti ana a masiku ano sakhazikika adzifunse kuti adawaphunzitsa ndani.

Chomwe wochoka yekha amatayadi ndi ndalama ya severance, ndipo n'chilungamo kuiwerengera. Lamulo la ntchito limati wochotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, kapena wochotsedwa mopanda chilungamo, alandire malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyambirira, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse kuyambira cha 11. Wa zaka 12 ndiye kuti wasonkhanitsa masabata 33. Pa malipiro a K400,000 pamwezi, ndi ndalama yoposa pang'ono K3 miliyoni. Si yochepa. Koma ntchito ina ikamupatsa K100,000 yoonjezera pamwezi, ndalama yonga yomweyo waipeza m'zaka ziwiri ndi theka, pomwe severance munthu amailandira pokhapokha zinthu zitaipa. Wopuma bwinobwino paukalamba saiona. Ndipo kampani ikagwa ilibe kanthu m'thumba, antchito amayamba ulendo wa ku khoti la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court womwe umatha kutenga zaka. Wokhala pamalo chifukwa chodikira severance waika chiyembekezo chake pa tsoka lake lomwe.

Sindikunena kuti kukhalitsa kulibe phindu, ndipo amene angawerenge izi n'kukalemba kalata yosiyira ntchito mawa lomwe sadandimve. Pali ntchito zomwe munthu sazidziwa m'chaka chimodzi. Fitala wa pa fakitale ya shuga ku Nchalo kapena ku Dwangwa amayenera kudutsa nyengo zingapo zogaya nzimbe ndi zingapo zokonza makina kuti afike pomva ndi khutu lokha kuti beringi yatsala pang'ono kufa. Wolawa tiyi ku Thyolo, wodziwa magiredi a fodya ku Kanengo, namwino wa ku chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, mphunzitsi yemwe waphunzitsa ana a mudzi umodzi mpaka makolo kumukhulupirira, onsewa luso lawo limakula ndi zaka za pamalo pomwepo. Palinso zinthu zosaoneka papeyisilipi. Bwana yemwe wakudziwa zaka zambiri amatulutsa galimoto maliro akagwa kwanu, amakulola kukadwazika amayi ako ku Queens masabata awiri osakudula malipiro. Banki imakongoza mosavuta munthu wotsimikizidwa pantchito kusiyana ndi yemwe ali pa pulobeshoni, ndipo lamulo limalola nthawi yoyesedwayo kufika miyezi 12, pomwe atha kukuchotsa popanda notisi. Amene ali pamalo pomwe akuphunzira, akukwera, akulemekezedwa, akhale, ndipo asadzione wotsalira poona anzake akulengeza maofesi atsopano pa Facebook.

Alipodi odumpha mopanda nzeru. Mbande ya fodya yomwe ukuizula n'kuiwokeranso sabata iliyonse siigwira nthaka. Chaka choyamba pantchito munthu amakhala akuphunzira, chachiwiri amayamba kubweza, chachitatu ndi pomwe angaloze chinthu n'kunena kuti ichi ndidachimanga ndine. Wochoka miyezi ingapo iliyonse chifukwa cha kandalama kochepa amakhala woyamba kumene moyo wake wonse, ndipo saona n'komwe zotsatira za zomwe adasankha, poti zikamatuluka iye wapita kale. Komanso Malawi ndi wamng'ono. Oyang'anira za antchito a ku Blantyre ndi ku Lilongwe adaphunzira limodzi ku Poly kapena ku Chanco, amapemphera tchalitchi chimodzi, amakumana m'maukwati ndi m'maliro. Wothawa osapereka notisi, mafayilo atawasiya mbwee, ngongole ya ku ofesi osabweza, mbiri yake imafika ku intavyu iye asanafike. Ndikamaikira kumbuyo wosintha ntchito ndikunena munthu yemwe wagwira zaka ziwiri, zitatu kapena zisanu, waona kuti kutsogolo kwatsekeka, wapeza kalata ya ntchito ina yosainidwa, n'kutsanzika masana anthu akuona.

Koma musanaweruze CV yokhala ndi mabwana 6 m'zaka 10, funsani kuti ankachoka ndani, munthuyo kapena ntchitoyo. Ntchito zambiri za ophunzira masiku ano ndi za mapulojekiti a mabungwe omwe si aboma, za chaka chimodzi kapena ziwiri, zotha thandizo likatha. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo lodzera ku USAID, anthu ambiri a zaumoyo, madalaivala ndi olowetsa ziwerengero m'makompyuta adauzidwa kuti akhale kaye kunyumba, pulojekiti ili pakati. Iwowa sadasankhe. Makampani ena amasunga munthu pa kontrakiti ya miyezi 6 kapena ya chaka, ikatha kusainanso, ikatha kusainanso, ngakhale lamulo la ntchito la 2000 limati kontrakiti ya nthawi yochepa yomwe cholinga chake n'kudzaza mpando wokhazikika iyenera kutengedwa ngati ntchito yokhazikika. Munthu yemweyo akakhala pamaso pa ofunsa mafunso, wina amatembenuza mapepala n'kunena kuti, "Achimwene, mukuoneka kuti simukhalitsa. Tikukhulupirireni bwanji?" Funso limeneli lilibe chilungamo likachokera kwa bwana yemwe m'manja mwake muli kontrakiti ya chaka chimodzi. Simungapemphe munthu zaka 10 inu mutamulonjeza miyezi 12.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya m'boma, ndipo pano ndimaponda mosamala. Ntchito ya boma siitha chisawawa. Malipiro ngakhale achedwe amabwera, ndipo penshoni ilipo. M'dziko lomwe makampani amagwa monga taoneramu, chimenechi n'chuma. Sindingauze mphunzitsi wa ana anayi kuti asiye boma chifukwa sukulu ya pulaiveti yamulonjeza zochuluka, pomwe sukuluyo itha kutsekedwa teremu yamawa. Koma tonse tikudziwa aphunzitsi a ku pulaimale omwe akhala pa giredi yomwe adayambira kwa zaka zoposa 10, ndipo bungwe lawo la Teachers Union of Malawi lalira za kukwezedwa kwa nthawi yaitali. Peyisilipi za ambiri zadyedwa ndi ngongole zodulira pa malipiro, moti chomwe chikuwagwira pamalopo ndi ngongolezo kuposa china chilichonse. Amenewa tikamawawerengera m'gulu la okhulupirika tizikumbukira kuti ambiri atsekeredwa. Kuwatamanda pa Tsiku la Aphunzitsi osawakweza n'kuwadyera masuku pamutu.

Boma lomweli lidaonapo kale chomwe chimasunga anthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino ankachoka m'zipatala zathu kupita ku Britain ndi m'mabungwe, mawodi kutsala ndi namwino mmodzi pa odwala ambirimbiri. Sadawaimitse ndi ulaliki wa kukonda dziko. Pansi pa ndondomeko yapadera yomwe idakhazikitsidwa mu 2004, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, ogwira ntchito zaumoyo adaonjezeredwa 52 peresenti pa malipiro, masukulu a zaumoyo adayamba kutenga ophunzira ochuluka, ndipo chiwerengero cha ogwira ntchito m'zipatala chidakwera. Omwe adalandira ndalamayo ndi omwe adatsala. Apa pali mfundo yomwe timaiphonya tikamanyoza ochoka: iwowo ndiwo amakweza mtengo wa otsala. Pamalo pomwe bwana akudziwa kuti palibe angachoke, palibe chomukakamiza kukweza kalikonse.

Ndikudziwa kuti kwa Amalawi ambiri mkangano wonsewu ndi wa anthu okhuta. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2013 adapeza kuti anthu 89 pa 100 alionse ogwira ntchito ali pa ntchito zosakhazikika, zopanda chitetezo monga penshoni ndi tchuthi cholipidwa. Omaliza ku yunivesite amatha zaka akuyenda ndi envelopu ya khaki kuchoka geti ili kupita geti ilo. Iwo sadafike n'komwe pofunsa ngati akhale kapena achoke. Koma kuweruza komwe kuja kumafikanso kwa anthu otsika, ndipo kumeneko n'komwe kumapweteka kwambiri. Mlonda akachoka pa geti lathu kupita kwa aneba chifukwa cha K15,000 yoonjezera, timati n'ngosayamika, pomwe kwa iye ndalamayo ndi mchere, sopo ndi makope a ana. Mayi wantchito ya m'nyumba yemwe walera ana athu kuyambira ali kumsana mpaka apita ku koleji, tsiku lomwe miyendo yamukana timamupatsa chikwama cha zovala zakale ndi ndalama ya basi. Iyeyu ndiye adamvera malangizo a kukhala pamodzi kuposa wina aliyense. Ambiri a ife omwe timadandaula za mabwana athu masana, madzulo ndife mabwana a anthu amenewa, ndipo tiyenera kudzifunsa ngati zaka zawo pakhomo pathu zikusanduka kanthu.

Palinso china chomwe sitinena poyera. Malipiro amodzi a m'tauni amadyetsa nyumba zingapo. Ndiwo fizi ya mng'ono ku sekondale, feteleza wa amayi kumudzi, mankhwala a agogo. Abale akamaletsa munthu kusintha ntchito, gawo lina la mantha awo ndi la iwo eni, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma katundu yemweyo ndi chifukwa chokwanira choti munthuyo asalole malipiro ake kudyedwa ndi kukwera kwa mitengo ali phee. Thumba la feteleza silitsika mtengo chifukwa wogulayo ndi wodekha pantchito.

Kwa amene akulingalira zochoka ndili ndi zochepa. Osasiya ntchito chifukwa cha lonjezo la pafoni, kalata isainidwe kaye. Yerekezani zonse, osati malipiro okha: thandizo la kuchipatala, mtunda ndi ndalama ya thiransipoti, kutalika kwa kontrakiti, ndiponso ngati kumeneko amalipira pa nthawi yake, zomwe mlonda wa pageti lawo angakuuzeni bwino kuposa abwana a ku intavyu. Gwirani notisi yanu yonse, mwezi wathunthu ngati mumalandira pamwezi, siyani ntchito m'manja mwa wina mwadongosolo, ndipo pemphani satifiketi yosonyeza nthawi yomwe mwagwira ndi udindo wanu, yomwe lamulo limakakamiza bwana kupereka mukaifunsa. Musanafike pamenepo yesani kulankhula. Mabwana ena sadziwa kuti munthu wawo watopa mpaka kalata itafika patebulo, ndipo ena akauzidwa amasuntha. Koma amene wakupezerani ndalama tsiku lomwe mwapereka kalata, atatha zaka zitatu akunena kuti bajeti palibe, wakuonetsani kale momwe zidzakhalire mukatsala.

Mawu anga olemera akupita kwa olemba ntchito, chifukwa mphamvu zili kwa iwo. Kuchoka kwa antchito kumakudyerani ndalama: kulengeza m'nyuzipepala, miyezi yophunzitsa watsopano, makasitomala omwe amatsatira wochokayo. Gawo lochepa chabe la ndalama imeneyo likadapita kwa yemwe ali kale pampando, ambiri sakadayang'ana n'komwe kunja, poti munthu wa banja sakonda kuyambiranso. Mpando ukatseguka, yambani mwauika pa bolodi la m'kati musanapite nawo ku nyuzipepala. Musanalonjeze wobwera ndalama iliyonse, yang'anani yomwe akulandira yemwe ati amuphunzitse ntchitoyo. Kwacha ikagwa mu Novembala musadikire Epulo kuti mukambe za malipiro. Amene wasaina nanu kontrakiti ya chaka kasanu motsatizana mulembeni ntchito yokhazikika. Ndipo penshoni yomwe mwamudula mwezi uno ikafike komwe iyenera kupita m'masiku 14 omwe lamulo limanena, kuti akapempha sitetimenti yake aipeze ilimo.